A Baje a ku Aldershot ndi mendulo ya agogo anga

Sabata yoyamba imene ndinkapita kunyumba kwa mkulu ameneyu, ndinalemba katatu m'buku la ntchito kuti "akana kudya". Ndinkaona ngati ndikulemba zoona. Lero ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwawa, chifukwa njala anali nayo ndithu. Ankakana chimene ndinkawapatsacho, ndipo analibe Chingerezi choti andifotokozere chifukwa chake. Ndalemba nkhaniyi poganizira inu abale amene mukubwera kuno ku UK kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, makamaka amene mudzagwere ku Aldershot, Farnborough, Reading, Ashford kapena Folkestone. M'madera amenewa, posachedwa kapena mtsogolo, mudzagogoda pakhomo la msilikali wakale wa Gurkha, kutanthauza Mnepali amene anagwira usilikali wa Britain, kapena la mayi wamasiye wa msilikali wotero.

Ndinafika kuno mu 2022. Ntchito yanga ndi yoyenda khomo ndi khomo: pena mphindi 30, pena 45, kusambitsa, kumwetsa mankhwala, kutenthetsa chakudya, kulemba, n'kuthamangira kwina. Pepala la mkuluyu linali ndi mawu ochepa. Zaka zopitirira 80, wa ku Nepal, anadwalapo sitiroko, mbali ya kumanzere ndi yofooka, amakhala ndi mkazi wawo, Chingerezi n'chochepa. Za usilikali panalibepo ngakhale liwu limodzi.

Ankakhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo. Mu firiji munali zakudya zophikaphika za m'mapaketi, zija timangoika mu microwave. Tsiku loyamba ndinatenthetsa cottage pie, yomwe ndi nyama ya ng'ombe yogaya yophimbidwa ndi mbatatesi. Mkuluyo anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, anaphatikiza manja ake pachifuwa mwaulemu, n'kukankhira mbaleyo pambali pang'onopang'ono. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ndinapeza mayi aphika mpunga ndi msuzi wa mphodza. Mkuluyo anadyako pang'ono, ndipo ine, poti kwathu chakudya sititaya, ndinatenga zotsala m'mbalemo n'kuzibwezera mumphika. Mayi aja anafuula kamodzi, anatenga mphika wonse n'kukakhuthulira m'bini. Ndinatsika masitepe misozi ili m'maso, ndikuganiza kuti akunyansidwa ndi khungu langa.

Amene anandimasula ndi mayi wina wachinyamata wa pakhomo loyandikana nalo, mwana wa msilikali wa Gurkha amene anakulira ku Hong Kong. Anandipeza pansi pa masitepe n'kundifunsa chavuta n'chiyani. Nditafotokoza, anandikhazika pansi. Ku Nepal ng'ombe ndi yopatulika, ndipo akuluakulu ambiri sanailawepo chibadwire. Chakudya chimene chakhudzidwa ndi pakamwa pa munthu, kapena chatsala m'mbale yodyeramo, amachitcha jutho, ndipo chikakhudzana ndi cha mumphika, chonsecho chadetsedwa. Khungu langa silinali m'nkhaniyo. Anandiuzanso kuti ndisamawaitane ndi dzina lawo loyamba monga amatiphunzitsira kuntchito. Abambowo ndi Baje, amayiwo ndi Boju, ndiye kuti agogo aamuna ndi agogo aakazi. Ndinachita manyazi, chifukwa kwathu ku Zomba sindingayerekeze kutchula dzina la munthu wa msinkhu wa agogo anga, koma kuno ndinali nditazolowera msanga. Akuluakulu aja sananame kuti safunsa anadya phula.

Mawa lake ndinavula nsapato pakhomo, ndinaphatikiza manja, n'kunena kuti, "Namaste, Baje. Namaste, Boju." A Boju anaseka mpaka kugwira chitseko. Kuyambira tsiku limenelo a Baje ankanditcha nani, mmene amaitanira kamtsikana ka pakhomo, ngakhale ndine mayi wa ana atatu.

Ndinakauza wotiyang'anira kuti care plan, pepala lija lofotokoza kasamalidwe kawo, ikonzedwe: ng'ombe ayi, ndipo mbuzinso ayi, chifukwa a Baje ndi a mtundu wa Rai wa kum'mawa kwa Nepal, ndipo ku banja lawo mbuzi sadya. Nkhumba ndi nkhuku ankadya bwinobwino. Apa ndikuchenjezeni kuti musatenge zimene mwaona pakhomo limodzi n'kukazigwiritsa ntchito pakhomo lina. Gurkha si mtundu wa anthu. Ndi dzina la asilikali, ndipo amachokera m'mitundu ingapo ya kumapiri: a Gurung ndi a Magar kumadzulo, a Rai ndi a Limbu kum'mawa, ndi ena. Ena ndi Ahindu, ena Abuda, ena amatsata chipembedzo cha makolo awo, ndipo aliyense ali ndi zake zosala. Zili ngati kwathu, kumene Mlomwe, Myao ndi Mtumbuka onse ankalowa Keyala, koma aliyense ndi mwambo wake.

Chimene chinatigwirizanitsa kwenikweni ndi mthiko. Tsiku lina ndinapeza a Boju akulimbana ndi mphika, manja akunjenjemera, akuthira ufa wa mawere m'madzi owira. Ndinaima n'kuyang'ana. Anali kuphika nsima. Iwo amati dhido, ndipo amaphika ndi ufa wa mawere kapena wa chimanga. Ndinasamba m'manja, n'kupempha mthikowo. Ndinapanikiza mphika ndi kansalu, n'kuyamba kuvundula monga anandiphunzitsira mayi anga, kukanikizira m'mbali kuti pasakhale mibulu, mpaka inayamba kufwenthera. A Boju anangoti kukamwa yasa, kenaka anaitana amuna awo kuti adzaone. Ndiwo zake zinali gundruk, masamba owawasitsa n'kuyanika, amene ukawaona ungalumbire kuti ndi mfutso. A Baje anatema ndi dzanja lamanja, anaviika mumsuzi, n'kumeza osatafuna. Anamaliza mbale yonse. "Mitho chha, nani," anatero, kutanthauza kuti zakoma. Tsiku limenelo ndinalemba m'buku kuti adya zonse, ndipo dzanja langa linkanjenjemera ndi chimwemwe.

Pakhoma panali chithunzi cha mnyamata wovala chipewa chachikulu chopendekera mbali imodzi, lamba wake ali pachibwano. Ndinkachiona tsiku lililonse osadziwa kuti ndi iwowo. Nditafunsa, anadziloza pachifuwa n'kunena kuti, "Tenth Gurkha." Nkhani yawo ndinaitolera pang'onopang'ono, ina kwa iwo eni, ina kudzera mwa mayi woyandikana nawo uja, ina nditapita ndekha ku Gurkha Museum ku Winchester tsiku lina lopuma.

Dzinali linachokera ku Gorkha, kadera ka kumapiri komwe kunachokera mfumu Prithvi Narayan Shah, imene inalanda chigwa cha Kathmandu cha m'ma 1768 n'kumanga dziko la Nepal. Ufumuwo utakula unagundana ndi Angerezi a East India Company, ndipo anamenyana kuyambira 1814 mpaka 1816. Angerezi anapambana, pangano la Sugauli linasainidwa, koma anali ataona mmene anthu a kumapiriwa amamenyera nkhondo, moti anayamba kuwalemba usilikali mu 1815, nkhondoyo isanathe n'komwe. Nepal sinakhalepo pansi pa ulamuliro wa atsamunda ngati mmene inalili Nyasaland. Awa ndi anthu a dziko loima palokha amene akhala akumenyera nkhondo mfumu ya dziko lina kwa zaka zoposa 200. Anali ku Delhi mu 1857, ku France ndi ku Gallipoli pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ku North Africa, Italy ndi Burma pa yachiwiri. India italandira ufulu mu 1947, magulu awo khumi anagawidwa: asanu ndi limodzi anatsala ku India, anayi, omwe ndi 2, 6, 7 ndi 10, anapita kwa Angerezi. Mu 1994 anayiwo anaphatikizidwa kukhala Royal Gurkha Rifles.

Kwawo mnyamata wopita ku usilikali wa kunja amatchedwa lahure, dzina lochokera ku mzinda wa Lahore kumene makolo awo ankapita kukalembedwa kalekale. Nditamva zimenezi ndinakumbukira nkhani za amuna a kwathu opita ku Joni pa Theba ndi Wenela, obwera ndi sutikesi, wailesi ndi njinga, mudzi wonse n'kuwasirira. A Baje anati chinawatulutsa m'mudzi ndi munda wa pamtsetse wosakwanira kudyetsa banja. Anayenda pansi masiku angapo kuti akapimidwe. Mpaka lero anyamata zikwizikwi amapikisana chaka chilichonse pa malo mazana ochepa okha, ndipo mayeso omaliza amachitikira mumzinda wa Pokhara ku Nepal. Otchuka kwambiri ndi othamanga chokwera phiri utabereka dengu lotchedwa doko, lokolekedwa ndi lamba pamphumi. Kwa zaka zambiri mkati mwake munkakhala katundu wa makilogalamu 25, mtunda wa makilomita pafupifupi 5. Opambana amabwera kudzaphunzitsidwa ku Catterick, kumpoto kwa England.

A Baje analowa mu 1958. Anapeza nkhondo ya m'nkhalango ku Malaya, imene inayamba mu 1948, ili kumapeto. Kenaka anakamenya ku Borneo polimbana ndi asilikali a Indonesia. Nkhondo imeneyo itatha mu 1966, boma la Britain linachepetsa kwambiri chiwerengero cha asilikali a Gurkha, ndipo iwo anali m'gulu la obwezedwa kumudzi atagwira zaka khumi. Apa m'pamene pali bala, ndipo ndikupemphani kuti mumvetse musanakayambe nthabwala za "ndalama za penshoni" ndi akuluakulu amenewa. Penshoni ya a Gurkha inkaperekedwa kwa amene wakwanitsa zaka 15, ndipo inkawerengedwa potengera moyo wa ku Nepal, kotero inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya msilikali wachingerezi. Wobwezedwa zakazo zisanakwane ankangopatsidwa kandalama kamodzi, basi. A Baje anabwerera kukhasu, n'kulima mawere ndi chimanga zaka 40. Bungwe la Gurkha Welfare Trust linakhazikitsidwa mu 1969 chifukwa cha umphawi wa anthu ngati iwowa.

Nanga zinatheka bwanji kuti nkhalamba zambiri chonchi zipezeke ku Aldershot? Kwa nthawi yaitali likulu lawo linali ku Hong Kong, ndipo wopuma ntchito ankabwezedwa ku Nepal wopanda ufulu wokhala ku Britain. Hong Kong itabwerera ku China pa 1 July 1997, likululo linasamukira kuno. Mu 2004 boma linalola okhawo amene anapuma tsikulo litadutsa, ndipo akale, amene anamenya ku Burma, Malaya, Borneo ndi Falklands, anatsala kunja. Ngakhale Tul Bahadur Pun, amene analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya Britain ya kulimba mtima pankhondo, chifukwa cha nkhondo ya ku Mogaung ku Burma mu 1944, poyamba anamukaniza kulowa mu 2007, mpaka anthu atakwiya. Nkhaniyi inapita kukhoti, ndipo mayi Joanna Lumley, katswiri wa zisudzo wa kuno, amene bambo ake anali mkulu wa asilikali mu 6th Gurkha Rifles, anaitsogolera pamaso pa anthu. Mu May 2009 boma linagonja: aliyense amene anagwira zaka zinayi akhoza kubwera. A Baje ndi a Boju anagulitsa gawo la munda, anakongolanso zina, n'kukwera ndege. Ana awo anali atapitirira zaka 18, ndipo malamulo a nthawi imeneyo sanawalole kubwera nawo. Ndiye mukaona agogo awiri akuyenda pang'onopang'ono mumsewu wa Aldershot, bambo patsogolo ndi kapusi kawo ka topi, mayi pambuyo atafunda nsalu, mudziwe kuti ambiri a iwo alibe mwana wowatumira. M'dera la Rushmoor, lomwe ndi Aldershot ndi Farnborough, pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliyense ndi wa ku Nepal. Nkhani ya penshoni sinathe. Mu August 2021 ena mwa asilikali akalewa anasala kudya masiku 13 pafupi ndi Downing Street, kumene kumakhala nduna yaikulu ya Britain.

Za mpeni ndinene mwachidule. Inde, pafupifupi pakhomo lililonse mudzapeza khukuri, chimpeni chokhota chija. Mnzanga wina wa kuntchito anandiopseza kuti akachisolola sichibwerera m'chimake chisanalawe magazi. Ndi nthano chabe. A Boju ankaduliramo mafupa a nkhumba ndi dzungu, monga timachitira ndi chikwanje. Ngati wodwalayo wayamba kusokonezeka maganizo, uzani wokuyang'anirani ndipo mukambirane ndi banja. Musachitenge nokha n'kukabisa. Ndipo musawafunse kuti anapha anthu angati. Ndinamvapo munthu akuwafunsa a Baje funso limenelo moseka, ndipo iwo anangoyang'ana pawindo mpaka munthuyo anachoka.

Nkhani imene ankakonda kufotokoza inali ya kunyamula anthu. M'paki ya Princes Gardens ku Aldershot muli chiboliboli chimene chinaikidwa mu 2021, cha Kulbir Thapa atabereka msilikali wachingerezi wovulala. Ameneyu ndiye Mnepali woyamba kulandira Victoria Cross. Ku France mu September 1915, iye mwini ali wovulala, anakhala ndi Mngereziyo usana ndi usiku, kenaka anamutulutsa, n'kupulumutsanso a Gurkha ena awiri ovulala. Magulu a Gurkha alandira mendulo imeneyi ka 26, ndipo 13 mwa izo zinapita kwa Anepali enieniwo. Womaliza anali Rambahadur Limbu wa 10th Gurkha Rifles, gulu la a Baje, amene ku Sarawak, pa chilumba cha Borneo, mu November 1965 anabwerera kawiri pakati pa zipolopolo kukatenga anzake awiri ovulala. Atamwalira mu April 2023, ndinapeza a Baje atakhala chete, foni ili pamwendo. Tsiku limenelo sanadyedi. Koma m'buku ndinalemba chifukwa chake: ali pachisoni, wamwalira munthu wa gulu lawo la nkhondo.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinachedwa kuwauza. Agogo anga, bambo a mayi anga, anali a Keyala. Anapita ku Malaya mu 1953 ndi gulu lachiwiri la King's African Rifles, la ku Nyasaland, limene linakalowa m'malo mwa gulu loyamba. Tili ana ankatiuza za misundu yolowa mpaka m'nsapato, za mvula yosakata, za mitengo ya labala yobzalidwa m'mizere. Ife tinkangoseka n'kuthawira kobisalirana. Anamwalira ndisanafike msinkhu wofunsa mafunso anzeru. Tinkadutsa pa chipilala cha Keyala ku Zomba ngati tikudutsa pa mtengo wamba.

Tsiku lina a Boju anatulutsa mendulo za amuna awo kuti azipukute. Imodzi inali ndi kansalu kofiirira kokhala ndi mzere wobiriwira pakati, ndi kachitsulo kopingasa kolembedwa MALAYA. Thupi langa linachita tsemwe. Ndinaidziwa. Usiku womwewo ndinaimbira amalume kumudzi, ndipo m'mawa anatumiza chithunzi pa WhatsApp: mendulo ya agogo, imene inkasungidwa m'chitini cha mabisiketi, kansalu katasuluka koma kachitsulo kake komweko. Nditawaonetsa a Baje, anavala magalasi, anaibweretsa foniyo pafupi ndi maso, anaika mendulo yawo pambali pake. Sanakumanepo ndi agogo anga, poti iwo anafika ku Malaya a Keyala atabwerera kale. Koma anati akuluakulu a m'gulu lawo ankasimba za asilikali a ku Africa amene anali m'nkhalango momwemo. Anandifunsa ngati agogo ankalandira penshoni. Ndinati kwathu sitinaionepo. Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenaka anatembenuza mendulo yawo n'kundionetsa m'mphepete mwake, mmene munadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu. Ndinali ndisanadziwe zimenezi. Amalume atayang'ana ya agogo anapeza zonsezo zilipo, tizilembo ting'onoting'ono todzaza fumbi. Inu amene muli ndi mendulo ya Malaya ya agogo anu pakhomo, yang'anani m'mphepetemo, lembani nambalayo, ndipo musaigulitse kwa oyendayenda ogula zakale. Ngati agogowo kapena agogo aakazi akali moyo, akhazikeni pansi lero ndi foni yojambulira mawu.

Pa zothandiza za tsiku ndi tsiku, chimene chinasintha kwambiri moyo wa pakhomopo ndi womasulira. Kuchipatala ndi kwa dokotala wa m'dera munthu ali ndi ufulu wopempha womasulira wa Chinepali kwaulere, koma akuluakuluwa sapempha. Amangoyankha kuti "yes, yes" pa chilichonse, chifukwa usilikali unawaphunzitsa kusatsutsa wamkulu ndi kusadandaula. A Baje anakhala miyezi akumva kupweteka m'chiuno osanena. Ndinazindikira poona mmene ankalumira mano powadzutsa. Ndinaphunzira kufunsa kuti "Dukhchha?", kutanthauza kuti pakupweteka, ndikuloza malowo, ndi kuyang'ana nkhope osati kumvera yankho lokha. Mawu ena amene ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse ndi pani, madzi, ndi bistarai, pang'onopang'ono. Za makalata a boma, a nyumba ndi a chithandizo monga Pension Credit ndi Attendance Allowance, musazisenze nokha ndipo musasainire munthu. Ku Aldershot ndi ku Salisbury kuli maofesi a Gurkha Welfare Advice Centre kumene amalankhula chinenero chawo, ndipo mabungwe a SSAFA ndi Royal British Legion amathandizanso asilikali akale. A Boju anali ndi jumbo lodzaza makalata osatsegula pansi pa bedi. Mayi woyandikana nawo uja ndiye anawaperekeza, ine ndinangowauza kuti jumbolo lilipo.

Samalaninso mapazi ndi mutu. Musalumphe miyendo ya munthu atakhala pansi, musaloze chinthu ndi phazi, ndipo pemphani kaye musanagwire kumutu. Popereka chakudya kapena mankhwala gwiritsani dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono. Izi sizinandivute, n'zimene tinakula nazo.

Pa chikondwerero chawo cha Dashain, chimene chimagwa cha mu September kapena October, akuluakulu amadalitsa ana powamata pamphumi mpunga wosakaniza ndi chambiko, n'kuwapatsa timbewu tanthete ta balere. Ana awo ali kutali, a Baje anandifunsa kudzera mwa mnansi uja ngati ndingalole, podziwa kuti ndine Mkhristu wa Mvano. Ndinaganiza usiku wonse. Wina akhoza kusankha mosiyana, ndipo iwo sakanakhumudwa. Ine ndinaona nkhalamba imene inkafuna kuika dzanja pamutu pa mwana, ndipo ndinagwada. Anayankhula mawu ambiri amene sindinamve, dzanja lawo lamanja likunjenjemera pamphumi panga, a Boju akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu.

Mchemwali wanga atabwera kuchokera kumudzi anandibweretsera mfutso wa nkhwani ndi ufa woyera. Ndinapempha chilolezo kuntchito, n'kukawaphikira Loweruka lina masana, ndi nsinjiro zake. A Baje anadya mitanda iwiri. A Boju analawa mfutsowo, anatafuna mosinkhasinkha, n'kunena kudzera mwa mnansi kuti ndi wabwino koma sunawawase, ndipo adzandiphunzitsa kuuvundikira m'botolo masiku angapo ndisanauyanike. Botololo lili pawindo la kukhitchini kwanga, ndadzazamo masamba a mpiru, ndipo Lachinayi ndikalitenga kuti akanunkhize ngati lafika.